Mbale zitatu ndi mipata yake: momwe mungaunikire chakudya chamadzulo pa hotela yolandira mabanja

Amene adzawerenge ndemanga yanu nthawi zambiri ndi kholo lomwe lili ndi funso limodzi: ndikapita kumeneko ndi ana, kodi tikadya mwamtendere, nanga ndalama yanga ikaoneka pambale? Kholo limenelo musaliiwale kuyambira pomwe mukuimba foni yosungitsa malo mpaka pomwe mukulipira bilu.

Chakudya cha magawo atatu chimayamba ndi kachakudya kochepa kodzutsa mudyo, kenako chakudya chachikulu, pomaliza chotsekemera. Pa menyu mudzapeza atalemba starter, main course ndi dessert. Kadyedwe kobweretsa mbale imodzi imodzi aka kanafala ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800. Kale kumeneko anthu olemera ankayala zakudya zambiri patebulo nthawi imodzi, ndipo ambiri amati kazembe wa dziko la Russia ku Paris, Alexander Kurakin, ndiye anathandiza kutchukitsa njira yatsopanoyi cha m'ma 1810. Mbiri imeneyi ili ndi ntchito kwa inu, chifukwa mbale zitayamba kubwera motsatizana, kusunga nthawi kunasanduka udindo wa khitchini. Ndiye simukupita kukalawa mbale zitatu zokha. Mukupita kukayezanso mipata ya pakati pa mbalezo, ndipo palibe woyeza mipata waluso kuposa mwana wa zaka zinayi amene ali ndi njala.

Poyamba, musananyamuke

Werengani menyu pa intaneti kapena ipempheni. Onani ngati magawo atatuwo ali ndi mtengo umodzi wokhazikika kapena mbale iliyonse ili ndi mtengo wakewake, pakuti zimenezi zidzasintha momwe mudzaweruzire bilu.

Kenako imbani foni musungitse tebulo, koma musanene kuti mudzalemba ndemanga. Awa ndi malangizo akale kwambiri pantchitoyi. Buku la Michelin lounika mahotela ndi malo odyera, lomwe abale awiri André ndi Édouard Michelin analiyambitsa ku France mu 1900 ndipo linayamba kupereka nyenyezi ku malo odyera mu 1926, oyendera ake amadya mosadziwika ndi kulipira bilu ngati wina aliyense. Mu 1993 Ruth Reichl, yemwe ankalembera nyuzipepala ya New York Times, anaunika lesitilanti ya Le Cirque posimba mbali ziwiri: momwe anamulandirira atadzisintha maonekedwe kukhala mayi wamba, ndi momwe anamulandirira atamuzindikira. Kusiyana kwake kunali kwakukulu. Owerenga anu adzalandiridwa ngati mayi wamba uja, choncho inunso pitani choncho. Ngati hotela yachita kukuitanani kuti mudzadye ulere, palibe mlandu, bola mudzanene zimenezo mu mzere woyamba wa ndemanga, osati kumapeto komwe ambiri safikako.

Pa foni yomweyo funsani zinthu zitatu: kodi ali ndi mipando yaitali ya ana aang'ono, kodi ali ndi menyu ya ana kapena amalola kuitanitsa theka la mbale ya akulu, ndiponso amatani ndi mwana amene zakudya zina zimamuyambitsa ziwengo. Mayankhowo lembani penapake. Mukafika mudzawayerekeza ndi zomwe mudzaone.

Sankhani tsiku ndi ola lomwe mabanja amadyadi, anthu ali ambiri. Khitchini iliyonse imachita bwino pamene matebulo awiri okha ndiwo ali ndi anthu. Ndipo tengani ana enieni. Simungadziwe ngati malo amalandira ana muli akuluakulu okhaokha. Ngati mulibe anu, pitani ndi banja la mnzanu. Inuyo musapite ndi njala yoopsa, chifukwa wanjala amayamikira chilichonse, komanso musapite mutakhuta.

Mphindi khumi zoyambirira

Mukangolowa, lembani nthawi mu foni. Mudzachita zimenezi kangapo usiku wonse, ndipo palibe amene angadabwe kuona munthu akutobwanya foni patebulo. Kope ndi cholembera ndiye zingakuululeni.

Lesitilanti ya pa hotela imasiyana ndi ya mumsewu chifukwa imadyetsa magulu awiri: alendo ogona pahotelapo ndi obwera kudzadya kokha. Mukafunsidwa nambala ya chipinda n'kuyankha kuti simukugona pano, yang'anani nkhope ya wokulandiraniyo. Malo ena chisangalalo chimatsika pomwepo.

Onani komwe akukhazikani. Banja lokhala ndi ana likakankhidwira pakhomo la khitchini pomwe mbale zotentha zimadutsa, kapena pakona ya mdima pafupi ndi chimbudzi pomwe matebulo abwino ali opanda anthu, mwaphunzira kale kanthu. Mpando wa mwana uja ugwedezeni, onani ngati lamba wake alipo ndipo akumangika, gwirani pansi pa kathabwa kake kodyera. Pamenepo ndi pomwe pamabisala zotsalira za mwana wa dzulo. Woperekera zakudya wozolowera ana amachotsa yekha mpeni ndi tambula yagalasi pamaso pa mwana wamng'ono, osadikira kuuzidwa. Kachinthu kakang'ono kameneka kamakuuzani zambiri kuposa chikwangwani chapakhomo.

Pitaninso kuchimbudzi chakudya chisanabwere. Kodi pali sopo, pali posinthira mwana thewera, ndipo malowo ali mbali ya amayi yokha kapena bambo nayenso angathe kusintha mwana wake? Mahotela amadziwa kukongoletsa polandirira alendo ndi maluwa ndi magetsi, koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kuitanitsa

Aliyense aitanitse chosiyana ndi mnzake, ndipo mugwirizane kuti muzilawitsana. Anthu anayi akaitanitsa nkhuku onse, mwaunika nkhuku, osati khitchini. Pakhale mbale imodzi yomwe malowo amadzitama nayo, ndi ina yosavuta kwenikweni, monga nsomba yowotcha kapena supu wa masamba. Chakudya chosavuta chilibe pobisalira.

Funsani woperekera zakudya funso limodzi lenileni, mwachitsanzo ngati mu msuzi muli mtedza kapena mkaka. M'mayiko a European Union, kuyambira mu December 2014, lamulo limakakamiza malo odyera kudziwitsa ogula za zinthu 14 zoyambitsa ziwengo, kuphatikizapo mtedza, mazira, mkaka, nsomba ndi tirigu. Kaya kumene muliko lamulo lotere lilipo kaya kulibe, yankho labwino ndi lofanana: "Dikirani ndikafunse kukhitchini." Wongoyankha kuti "ndikuganiza kuti mulibe" ndi woopsa kuposa wovomera kuti sakudziwa.

Mvetserani ngati akufunsani nthawi yomwe mukufuna chakudya cha ana chibwere. Malo odziwa mabanja amafunsa ngati chibwere limodzi ndi mbale yoyamba ya akulu. Akapanda kufunsa, musafulumire kupempha. Ndikudziwa kuti kholo lililonse lingafune kupempha, koma usiku umenewu mwabwera kudzaona zomwe amachita paokha.

Mbale yoyamba

Lembani nthawi yomwe yafika. Musanathire mchere kapena tsabola, lawani momwe wophika waitumizira. Yambani ndi kutentha kwake, chifukwa ndiko kumathawa msanga: chotentha chikhale chotenthadi, chozizira chikhale chozizira. Supu wokhala ndi kachikopa pamwamba wakhala nthawi akudikira wonyamula. Masamba a saladi ofota m'mphepete, kapena osambira m'madzi pansi pa mbale, anakonzedwa kale kwambiri kapena sanaumitsidwe atatsukidwa.

Kenako fungo, kenako kakomedwe. Lilime limazindikira zinthu zisanu: kutsekemera, mchere, kuwawasa, kuwawa, ndi kukoma kwa msuzi wa nyama kapena bowa komwe katswiri wa ku Japan Kikunae Ikeda anakutcha umami mu 1908. Zambiri mwa zina zomwe timati kukoma zimadzera m'mphuno. Simukufunika mawu apamwamba. Dzifunseni chabe kuti mwa zisanuzi ndi chiti chachuluka ndipo ndi chiti chikusowa. Nthawi zambiri chakudya chikamveka chosakolera mkamwa ngakhale chili ndi zonse, chimene chasowa ndi mchere pang'ono kapena dontho la mandimu.

Ntchito ya mbale yoyamba ndi kudzutsa njala. Ikakukhutitsani yalakwa, ngakhale ikome bwanji.

Mpata woyamba, pomwe ndemanga zambiri zimadumpha

Mbale zoyamba zachotsedwa. Lembani nthawi, ndipo tsopano yang'anitsitsani, pakuti apa ndi pomwe chakudya cha banja chimakomera kapena kuonongekera.

Kwa akulu awiri ocheza, kudikira theka la ola ndi mwayi wokambirana. Kwa mwana wamng'ono, theka la ola ndi nthawi yokwanira kukhuthula mchere patebulo, kulowa pansi pa mpando, kupempha madzi katatu ndi kuyamba kulira. Kuona kwanga, mphindi 15 mpaka 20 pakati pa mbale yoyamba ndi yachiwiri ndi mpata wabwino. Zikapitirira 30 popanda aliyense kubwera kudzanena kanthu, limenelo ndi vuto loyenera kulembedwa. Muyezo umenewu ndi wanga, inu mukhoza kukhala ndi wanu, koma lembani mphindi zenizeni kuti owerenga aweruze okha. Mawu akuti "anachedwa" sathandiza aliyense, pomwe "mphindi 38" zimamveka kwa kholo lililonse.

Kuchedwa pakokha si nkhani yonse. Chofunika kwambiri ndi zomwe antchito amachita m'kati mwa kuchedwako. Ndinadyapo pa hotela ina pomwe chakudya chachikulu chinatenga mphindi pafupifupi 40. Koma pa mphindi ya 15 mtsikana woperekera zakudya anabwera n'kunena kuti kukhitchini kwalowa gulu lalikulu, ndipo anabweretsa buledi ndi pepala ndi chekeni choti ana azijambula. Tinadikira osakwiya. Pa hotela ina tinadikira mphindi 25 zokha, koma operekera zakudya onse ankadutsa maso ali kumwamba ngati sakutiona, ndipo usiku umenewo unatitalikira kwambiri. Ndikanangolemba manambala, hotela yachiwiriyo ikanaoneka yabwino kuposa yoyamba, chikhalirecho siinali.

Liwiro nalo ndi vuto. Mbale yachiwiri ikafika supuni ya supu idakali m'manja, ndiye kuti khitchini ikuthamangitsa matebulo, osati kudyetsa anthu.

Mu mpata womwewu tcherani khutu. Kodi nyimbo zikulola kuti mumvane osakuwa? Kodi mwana wa tebulo lina akalira, antchito amaonetsa nkhope yotani? Ngati pali bwalo loseweretsa ana, kodi likuoneka muli pampando wanu, kapena kholo limodzi liyenera kusiya chakudya n'kukalondera?

Chakudya chachikulu

Choyamba onani ngati mbale zonse za patebulo zafika pamodzi. Wina akamadya mnzake akuyang'ana, pamenepo khitchini yalephera kugwirizanitsa miphika yake.

Dulani nyama pakati penipeni, osati m'mphepete. Nkhuku isakhale yofiirira m'kati, makamaka pafupi ndi fupa, ndipo madzi ake atuluke oyera. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti chakudya chipse mpaka kufika madigiri 70 a Celsius, chophika chisungidwe chotentha kuposa madigiri 60, ndipo chisakhale pamtunda maola oposa awiri. Simudzanyamula choyezera kutentha, koma chakudya chofunda ngati madzi osambitsira khanda chiyenera kukudabwitsani. Nyama ya ng'ombe ifike momwe munaipemphera. Nsomba yopsa bwino imagawanika mosavuta ndi foloko koma idakali ndi chinyezi, pomwe yopsereza imauma ngati thonje. Masamba asunge mtundu wake. Msuzi ulaweni pawokha kaye: wopangidwa ndi mafupa ndi nthawi umasiyana ndi wa ufa wa m'paketi, womwe umamveka mchere kutsogolo kenako n'kuzimiririka.

Tsopano chitani chomwe olemba ndemanga ambiri amaiwala: lawani mbale ya mwana. Pa hotela yodzitcha ya mabanja, mbale imeneyi ndiyo mayeso enieni. Malo ambiri amaika luso lonse pa chakudya cha akulu, kwa ana n'kungotulutsa tizidutswa ta nkhuku tochokera mufiriji ndi tchipisi, zonse zokazinga m'mafuta amodzi. Si tchimo kukhala nazo pa menyu, ana ambiri amazikonda. Funso ndi lakuti kodi pali chinanso chosankha, pali masamba kapena chipatso, ndipo mchere ndi wochuluka bwanji. Bungwe lomwe lija limati wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku ndipo mwana adye wocheperapo, koma mbale zina za ana zimakhala zamchere kuposa za makolo awo. Gwiraninso mbale yeniyeniyo. Ya wamkulu ndi bwino ikhale yofunda kuti chakudya chisazizire msanga, koma ya mwana isakhale yowotcha zala.

Mwana akakana kudya, musathamangire kuimba khitchini mlandu. Mwana amakana ngakhale chomwe anachikonda dzulo. Lawani inuyo, ndiye muweruze.

China chikalakwika, nenani pomwepo, mwaulemu, kwa woperekera zakudya. Kukhala chete patebulo kenako n'kukalalata pa intaneti si chilungamo. Komanso mumataya mwayi woona chinthu chofunika, chifukwa khitchini iliyonse imalakwitsa tsiku lina, ndipo owerenga akufuna kudziwa ngati iyi imapepesa ndi kusintha mbale kapena imayamba kutsutsa.

Chotsekemera

Apa ana atopa, inunso mwakhuta, ndiye fulumirani koma musadumphe. Lembani mpata wachiwiri monga munachitira woyamba. Funsani ngati zotsekemerazo amapanga okha kapena amagula. Kugula si kulakwa, kunama ndiye kulakwa. Ayisikilimu wokhala ndi timiyala ta madzi oundana anasungunukapo n'kuumitsidwanso. Keke youma m'mbali kapena yonunkha firiji yakhalitsa. Chotsekemera chabwino chimakhala ndi china cholimbana ndi shuga, kaya kuwawasa kwa chipatso kaya kuwawa kwa chokoleti, apo ayi supuni yachitatu imakhala yolemetsa.

Bilu

Iwerengeni mzere ndi mzere. Onani ngati msonkho unali kale mu mitengo ya pa menyu kapena wawonjezedwa, ngati aikapo ndalama ya utumiki, ndiponso ngati madzi, buledi kapena zakumwa za ana zomwe munkayesa zaulere zalowa. Pa mahotela zakumwa ndizo zimakonda kukweza bilu mwakachetechete. Lisiti lisungeni, ndipo mu ndemanga mudzanene ndalama yonse ndi chiwerengero cha akulu ndi ana amene anadya. Mtengo muuweruze poyerekeza ndi malo ofanana nawo. Hotela ya mabanja musaiyese ndi muyezo wa lesitilanti ya nyenyezi za Michelin, chifukwa siinalonjeze zimenezo.

Kulemba

Usiku womwewo, ana akagona, lembani zonse zomwe mukukumbukira mosasamala kalembedwe. Kakomedwe ka chakudya kamaiwalika msanga kuposa momwe timaganizira. Ndemanga yeniyeni mulembe mawa lake, mtima utatsika, kaya unali wokwiya kaya wosangalala.

Yambani ndi yankho la funso la kholo lija: pitani, musapite, kapena pitani koma dziwani ichi. Kenako tsiku ndi ola lomwe munapita, munali angati, ana a zaka zingati. Malo abwino kwa mwana wa zaka 10 akhoza kukhala ovuta kwa wa zaka ziwiri. Mukatero simbani chakudya motsatira momwe chinabwerera, mipata ija muli kuitchula.

Mawu akuti "chokoma" ndi "chabwino" muwagwiritse ntchito mowerengera. Taonani kusiyana kwake. Wina alemba kuti: "Nsomba inali yokoma kwambiri ndipo antchito anali abwino." Wina alemba kuti: "Nsomba inafika yotentha, khungu lake lokhukhuluza, m'kati muli chinyezi, koma mbatata zake zinali zolimba pakati. Titanena, anatibweretsera zina pasanathe mphindi zisanu." Wachiwiriyu wakupatsani chinthu choti mugwire.

Siyanitsani zomwe inu simukonda ndi zomwe zalakwika. Ngati simudya tsabola, nenani kuti mbaleyo ndi ya tsabola wambiri, osati kuti ndi yoipa. Nkhuku yosapsa ndiyo yoipa kwa aliyense.

Woperekera zakudya amene walakwitsa musamutchule dzina. Nthawi zambiri kuchedwa kumachokera kukhitchini kapena ku kuchepa kwa antchito, ndipo dzina lake pa intaneti likhoza kumuchotsetsa ntchito pa mlandu wa ena. Zithunzi jambulani mbale, osati ana a anthu ena a matebulo oyandikana. Samalaninso kwambiri ndi mawu akuti chakudya chawo chinatidwalitsa. Tizilombo ta Salmonella timatha kuyamba kuonetsa zizindikiro patapita maola 6 mpaka masiku 6, ndipo ta Campylobacter kawirikawiri patapita masiku awiri mpaka asanu. Choncho m'mimba mukavuta m'mawa mwake, gwero likhoza kukhala chomwe munadya masiku atatu apitawo kwina. Ngati mukukayikiradi, uzani hotelayo ndi a zaumoyo mwachindunji.

Olemba ndemanga a nyuzipepala zazikulu amabwerera pamalo kangapo asanalembe. Inu mwina thumba silingalole, ndiye ingonenani poyera kuti mwapitako kamodzi. Ngati pomwe mukulemba pakufunika nyenyezi, monga pa Google kapena Tripadvisor pomwe zimalekeza pa zisanu, perekani nyenyezizo mutamaliza kulemba, ndipo zigwirizane ndi mawu anu. Nyenyezi imodzi chifukwa cha keke youma yokha, pomwe zina zonse zinayenda bwino, ndi mkwiyo chabe.

Musanatumize, funsani ana chomwe akukumbukira, ndipo yankho lawo mulilembe momwe alinenera. Wanga wina, nditamufunsa za chakudya chomwe ine ndinachilembera ndime zinayi, anangoti: "Anandipatsa supuni yaing'ono yangayanga." Ndinabwerera pa ndemanga ija n'kuwonjezera mzere wa supuniyo pamwamba penipeni, ndisanatchule za nsomba.